Buku Limene Anti Walije Anachapa

Anti Walije anabadwira ku Linthipe, m'boma la Dedza, ndipo chiyambire utsikana wawo ntchito yawo ndi yochapa. Anachapa pa chipatala cha mishoni zaka khumi ndi zitatu, anachapa m'nyumba ya Mmwenye wina ku Lilongwe, kenako amuna awo atamwalira ndipo ana awo awiri atakula, anakwera ndege mu 2014 kudzachapa ku Doha. Sukulu analekezera Folomu 2, koma Chingelezi amawerenga bwino kuposa ena amene ndawaona atapachika masatifiketi pakhoma.

Ine ndine Bernadette, kuno amangoti Bena. Ndinafika mu 2016 nditasiya mwana wanga Purity, wa zaka zitatu, m'manja mwa amayi ku Mitundu. Ndimakonza zipinda pa hotela ina ku Bin Mahmoud. Anti anali pansi, kulondiri, kumene kumapita mashiti onse amene ife timayalula. Tinkagona m'nyumba ya kampani ku Al Thumama, akazi okhaokha, mpanda wautali, geti yachitsulo ndi mlonda. Mwamuna sankaloledwa kulowa ngakhale phazi limodzi. Ine bedi langa linali la pamwamba, la Anti la pansi.

Anti anali ndi malamulo awiri. Loyamba linali lakuti chilichonse chisanalowe m'makina, chikutumulidwe kawiri ndipo matumba apisidwe. Chifukwa cha lamuloli anapulumutsa mapasipoti atatu, mano oikirira a mzungu wina, ndi mafoni osawerengeka. Lachiwiri linali lakuti palibe ukwati wopanda ankhoswe. Tsiku loyamba lenileni anandifunsa za bambo a Purity. Nditawauza kuti tinangolowana, ndipo munthuyo anapita ku Joni osatsanzika, anangoti, "Nanga ukanakadandaula kwa yani? Mwanawe, nkhoswe si chokongoletsera." Mng'ono wawo analowana choncho ndi mwamuna wankhanza, ndipo atayamba kumenyedwa panalibe woti akamuyankhulire. Ndiye lamuloli silinali lachabe.

Amene ankatinyamula m'mawa uliwonse pa basi ya kampani anali aWickson, bambo wa ku Katete ku Zambia, wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, akazi awo anamwalira kalekale. Pansi pa mpando wawo pankakhala kabokosi ka zisongole, ulusi ndi guluu. Akamadikira shifiti kuti ithe ankasoka nsapato za antchito, ulele. AWickson ankawatchula Anti ndi mfunda wawo, aNachisale, ndipo akawatchula mawu awo ankafewa ngati akuyankhula ndi khanda.

M'mawa wina mu Febuluwale 2017, tonse titatsika, aWickson anawaimitsa Anti pakhomo la basi. Ine ndinali pambuyo pawo ndikumanga chingwe cha nsapato, chimene kunena zoona chinali chomanga kale.

"ANachisale," anatero aWickson, "kontrakiti yanga ikutha pa 30 Epulo. Nipita kumudzi, sinibwelanso. Nifuna tikakhale tonse."

"Ankhoswe anu ali kuti?"

"Amalume anamwalila."

"Anganso anamwalira. Alongo anga anasowera ku Joni. Ndiye halasi, nkhani yatha. Yendetsani basi."

Kontrakiti ya Anti inkathanso mwezi womwewo, ndipo fomu yowonjezera zaka ziwiri inali kale m'chikwama mwawo. Akasaina, ndiye kuti aWickson apita okha. Tonse m'nyumbamo tinkadziwa kuti Anti amawafuna bambowa, chifukwa munthu sang'amba nsapato zitatu mwezi umodzi akungoyenda pa matailosi.

Tsiku lomwelo ndi limene Anti anaphwanya lamulo lawo loyamba. Mlendo wina anasiya buku pabedi n'kupita kubwalo la ndege, ine pothamanga ndinalikulunga m'mashiti osaliona, ndipo Anti, mutu uli kwina, anaponya zonse m'makina osakutumula. Makina atayima, mashiti makumi awiri anatuluka ndi timapepala toyera ngati agudubuzika m'madeya. Bukulo linatuluka litafufuma, chikuto chapita, dzina lake lapita. Supavaiza anati, "Mafi mushikila, palibe vuto, mwini wake wapita, tayani." Koma Anti anachita manyazi aakulu. Anati chinthu chimene achiwononga okha ayenera kuchikonza okha.

Ndiye anayamba kulisita. Nthawi yopuma masana, anzawo akudya, iwo ankamatula tsamba limodzi ndi mpeni wopakira batala, kuyala pilokesi pamwamba, kutsitsa ayironi pa moto wa siliki, n'kusita. Tsamba likauma ankaliwerenga kuti aone ngati zilembo zatsala. Pofika tsamba lachisanu anapsereza kolala ya mlendo chifukwa maso anali pabuku.

Lachisanu masana, titaweruka, anatiyitana kuseri kwa nyumba kumene kumakhala mthunzi. Tinali atatu: ine, Jessica wa ku Lusaka amene amaperekera chakudya cham'mawa ndipo pakamwa pake sipauma, ndi Asiyatu wa ku Machinga, wotsuka mbale, amene amalira ngakhale ndi nyimbo ya pa foni. Anti ankawerenga chamumtima ndime imodzi, kenako n'kutiuza m'Chichewa.

Nkhaniyo inali ya Ayuda pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Asilikali a ku Jeremani, a chipani cha Nazi, ankawasonkhanitsa m'matauni, kuwalonga m'mabogi a ng'ombe, n'kupita nawo ku misasa ya chibalo ku Poland. Akatsika, okalamba ndi ana ankawapatula kumbali ina, ndipo sankaonekanso. Otsalawo ankawameta, kuwaveka zamizeremizere, amuna kwawo akazi kwawo, pakati waya waminga. Kumeneko kunali mtsikana dzina lake Dvora, amene anamuyika m'shedi yosoka mayunifolomu a asilikali, ndi mnyamata Anshel, wosoka nsapato, amene ankabwera m'shedimo kamodzi pa sabata kudzasiya nsapato zokonzedwa.

Jessica anadula nkhani. "Ba Walije, izi ni za boza chabe. Boma ingachite so ku anthu bake?"

Anatenga foni n'kufufuza. Anawerenga mpaka pansi. Kenako anatipatsira foniyo. Tinaona zithunzi za anthu otsala mafupa okhaokha, ndi mulu wa nsapato wautali kuposa nyumba, zina za ana a msinkhu wa Purity. Pafonipo analemba kuti Ayuda amene anaphedwa anali mamiliyoni asanu ndi limodzi. Dvora ndi Anshel anali opeka, koma misasayo inali yeniyeni. Tsiku limenelo chakudya chamadzulo chinabwerera m'friji.

Koma Lachisanu lotsatira tinakhala pamthunzi Anti asanamalize n'kusamba komwe. Ndisaname, pamene panali polira tinkalira, koma pankhani ya chikondi tinkakangana ngati anthuwo ndi a pamudzi pathu. Anshel anatha masamba makumi atatu akungomuyang'ana Dvora osayankhula.

"Uyu mwamuna ni wamantha," anatero Jessica. "Kamba, iwe!"

"Akayankhula amuwombera," anatero Asiyatu, misozi ili kale m'masaya.

"Ndi waulemu," anatero Anti. "Akudziwa kuti mkazi sumangomulankhula panjira ngati ukugula tomato."

Kenako Dvora anadwala, ndipo kumeneko wodwala ankaphedwa. Anshel ankalandira kabuledi kamodzi patsiku, kochepa ngati sopo wa m'hotela. Anayamba kudula pakati, theka n'kulibisa kunsonga kwa nsapato, nsapatoyo n'kuyika pafupi ndi makina a Dvora. Anachita zimenezi nyengo yonse yozizira, iye akuwonda, mtsikanayo akutsitsimuka. Jessica anagwira kumutu n'kunena kuti mwamuna wogawa buledi wake ali ndi njala ku Lusaka kulibe, akeyo ankabisa ngakhale shuga.

Vuto linali lakuti Loweruka lililonse m'mawa tinkabwereza nkhani yonse m'basi kuti a nyumba zina amve. Sitinaganize kuti dalaivala ali ndi makutu.

Chakumayambiriro kwa Epulo, Anti anapereka nsapato zawo zakuntchito kwa aWickson kuti amate soli. Anazilandira mawa lake masana zili m'jumbo yomanga bwino. M'mawa mwake, m'chipinda chosinthira zovala, analowetsa phazi, ndipo ndinamva mawu amene sindinayembekezere kwa mayi wa chigwirizano. Kunsonga kwa nsapato kunali banzi, yopaka majarini ndi jamu, yokulunga m'katishu. Inali itakhala m'basi yotsekedwa, padzuwa la ku Doha, kenako n'kugona m'jumbo. Majarini anali atasanduka mafuta, jamu atalowa mpaka m'ulusi.

Anti anatuluka nsapato kumanja, phazi limodzi likumata pansi, ine pambuyo ndi mopu. AWickson anali akupukuta galasi la basi.

"Bambo inu, ichi n'chiyani?"

"Ni buledi, aNachisale."

"Ndikuona kuti ndi buledi. Ndawonda ine? Kukantini atseka?"

"Niona monga mumukonda mnyamata uja wa m'buku. Ninati naine niyese."

"Ndiye jamuyo?"

"Ninafuna nimupose pang'ono."

Ine mopu inandigwa. Anti sanaseke. Anati, "Tamverani. Buledi wa mnyamata uja anali moyo wake, ankadula moyo wake pakati. Wanuyu mwagula pagolosale, ndipo mwadya kale atatu. Za anthu aja musaseweretse." AWickson anavula kapusi n'kupepesa, ndipo anaoneka kuti amvadi chisoni. Madzulo anabweza nsapatozo atazitsuka, atayika soli yatsopano, ndipo kuchidendene atasoka ndi ulusi wofiira chifukwa wakuda unali utawathera. Anti anati ulusiwo ndi wonyansa. Sanavalenso nsapato zina.

Lachisanu la sabata imeneyo tinafika pa ukwati wa Dvora ndi Anshel. Mkaidi wina wachikulire wodziwa mapemphero, amene ankanyamula nsapato limodzi ndi Anshel, anawadalitsa mobisa kuseri kwa milu ya mayunifolomu. Akazi anayi anagwira bulangete long'ambika pamwamba pa mitu yawo. Mphete inali msomali wa nsapato wopinda. Zonse zinatha m'mphindi ziwiri, mlonda asanatembenuke, ndipo aliyense anabwerera kumbali yake ya waya.

Asiyatu anali atanyowetsa kale mpango wonse. Anti anatseka buku mwamphamvu.

"Ayi. Apa wolembayu walakwitsa. Ankhoswe ali kuti?"

"Anti," ndinatero ine, "si munatiuza nokha kuti abale awo onse anawapatula tsiku lofika lija?"

"Ndinatero."

"Nanga akanawatenga kuti?"

Anti ananyamula buku n'kulowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanatikalipire ngakhale za makapu osatsuka.

Sabata yotsatira nkhani inafika poopsa. Nkhondo inali kutha, asilikali akuthawa, ndipo anatulutsa akaidi onse kuti ayende pansi mtunda wautali m'chipale chofewa. Wogwa ankawomberedwa pomwepo. Anshel anali atamusokera Dvora nsapato zachikopa kuchokera ku zidutswa zimene ankabisa miyezi yambiri, ndipo kuchidendene anakhoma misomali itatu motsatana. Amuna anawatengera msewu wina, akazi wina. Pamenepo Anti anaima n'kunena kuti masamba otsalawo sanasite.

Sabata imeneyo inali yaitali. Jessica anayesa kulemba mayina aja pa foni kuti apeze bukulo, koma kunangobwera dokotala wa mano wa ku Amereka. Asiyatu anaswa mbale ziwiri. Nayenso supavaiza anauza Anti kuti fomu ija ikufunika pofika Lachinayi pa 27. AWickson anali atagula kale sutikesi, ili kumbuyo kwa basi, tikuiona tsiku ndi tsiku.

Lachisanu pa 21 tinakhala pamthunzi. Anti anabwera ndi buku atalikutira m'pepala la khaki, anavala magalasi, n'kulitsegula pafupi kwambiri ndi nkhope.

"Nkhondo itatha," anayamba, "Anshel anayenda mudzi ndi mudzi akuyang'ana pansi. Tsiku lina m'matope a pachitsime anaona chidindo cha nsapato, misomali itatu kuchidendene. Anatsatira mpaka pakhomo lina. Dvora anali moyo."

Asiyatu analira mokweza. Ine ndinaona kuti maso a Anti sakuyenda pa mizere, ndipo tsamba silikutembenuzidwa.

"Koma Anshel, pokhala mwana woleredwa bwino, sanalowe m'nyumba. Anabwerera n'kutuma ankhoswe. Tsiku la chinkhoswe akuchimuna anabwera ndi tambala, akuchikazi ndi msoti, ndiponso khasu, lichero ndi mthiko."

"Imani, imani," anatero Jessica. "Lichelo? Ku Poland?"

"Ndi mmene alembera."

"Na tambala anayenda nayo mu sinoo? Leta buku nione."

Anti anakaniza, Jessica anakoka, pepala la khaki linang'ambika. Kumapeto kwa bukulo kunalibe masamba. Kunali chibuma chimodzi cholimba ngati chigumu cha dzana, masamba mwina makumi atatu atamatana, zilembo zitasungunuka.

Tinayang'anana. Anti anavula magalasi.

"Ndayesa," anatero. "Mpeni, nthunzi, ayironi. Sizikumatuka. Sindikudziwa ngati anapulumuka. Pamsewu umene uja ambiri anafa. Masabata awiri ndakhala ndikuganiza, ndiye ndinati ana awa ndisawasiye choncho."

Palibe anawakalipira. Patapita kanthawi Jessica anafunsa, mofatsa tsopano, "Manje ankhoswe amene mwabapatsa, munabachotsa kuti? Bonse banafa."

"Wa Dvora ndi mayi wina wa m'bukumu, amene ankagona naye thabwa limodzi n'kumamugwiriziza pamzere atadwala. Wa Anshel ndi mkulu wamapemphero uja. Nanga nkhoswe ntchito yake n'chiyani? Ndi munthu wokudziwa bwino, woti zikavuta akuyimire. Amenewo anaposa malume."

Ine si munthu woyankha akuluakulu. Koma ndinati, "Anti, ine ndagona pamwamba panu miyezi khumi ndi inayi. Ndimadziwa mankhwala anu a BP, ndimadziwa kuti mumaliza mkonono. Purity atadwala malungo ine ndili kuno, munandigwira ndinu."

"Usafanizire, Bena. Ife sitili kumene kuja. Timadya, tili ndi mafoni, tikafuna kwathu tipita."

"Sindikufanizira. Ndikungoti anthu aja analandidwa zonse, koma inu mwakhala masabata awiri mpaka mwawapezera ankhoswe. Nanga inuyo mukulephera bwanji kudzipezera?"

"Iwe ndiwe mwana. Nkhoswe wa zaka makumi awiri ndi zinayi, wamkazi, unamuonapo kuti?"

"Lichelo ku Poland munaiona kuti?" anatero Jessica.

Asiyatu anaseka mpaka kutsamwa. Anti anayesa kukwiya koma milomo inawakana. Pomaliza anati, "Ngati ndiwe nkhoswe, ugwire ntchito ya unkhoswe. Sindikufuna zachibwana."

Ndinaigwira. Wa kuchimuna anakhala aNedson, mlonda wa pageti pathu, bambo wa ku Ntcheu amene ankamwa tiyi ndi aWickson zaka zitatu. Loweruka masana ndinakhala ndi awiriwo pageti, iwo kunja ine mkati, kope ndi bolopeni m'manja. Ndinafunsa ngati ku Katete kulibe mkazi wina. AWickson anati kulibe. Ndinati mawu okha sindilandira, ayimbe vidiyo. Anayimbira alongo awo, amene anazungulira nyumba yonse ndi foni, kundionetsa kuchipinda, kukhitchini, mpaka m'khola la nkhumba. Ndinafunsa za mowa, za mkwiyo, za kumene akakhale, ndiponso ngati Anti azikaloledwa kupita ku Linthipe akafuna. Kenako ndinayimbira ana a Anti. Wamkulu anati amayi avutika mokwanira, apite. Wamng'ono anangofunsa ngati bambowo amasapota timu yanji.

Lachinayi Anti anabweza fomu ija yosasaina.

Chinkhoswe tinachitira pa paki ina ku Old Airport, Lachisanu pa 28, dzuwa litapepuka, poti aWickson kwathu sakanalowa. Panabwera anthu pafupifupi makumi awiri, Amalawi ndi a ku Zambia. Vuto linali nkhuku. Zamoyo m'basi ya kampani sizikanatheka, ndiye ine ndi aNedson tinalowa m'supamaketi n'kugula ziwiri za m'friji. Tinatsutsana nthawi yaitali kuti tambala ndi uti. Tinagwirizana kuti ya magalamu 1,200 ndiye tambala, ya 900 ndiye msoti, ndipo Jessica anajambula lipombo pa pulasitiki ya yaikuluyo kuti zisasokonekere. Pofika nthawi yopatsana zinali zitayamba kusungunuka. ANedson anandipatsa tambala akudontha, ine ndinawapatsa msoti akudontha, tonse nkhope zili zolimba ngati tili m'khoti. Anti anali atandichenjeza kuti nkhoswe saseka.

Kenako inafika nthawi yoti mwamuna azindikire mkazi wake. Tinafunditsa akazi atatu zitenje kuyambira kumutu, n'kuwatulutsa mmodzimmodzi. Woyamba anali Asiyatu, ndipo chitenje chinkanjenjemera ndi kulira, aliyense anamudziwa. Wachiwiri anali Jessica, amene anadzikulunga mapilo awiri m'chiuno kuti afanane ndi Anti, akuyenda monyang'wa. AWickson sanayang'ane n'komwe mapilowo. Anangoyang'ana pansi n'kupukusa mutu.

"Izi nsapato ni za ku msika wa Souq, za pulasitiki. Sininazigwilepo."

Wachitatu atatuluka, aWickson anagwada pa udzu, n'kuloza chidendene. Anti anali atavala diresi yatsopano yabuluu, koma kuphazi nsapato zakuntchito zija, ulusi wofiira uli poyera.

"Aba ndiye anga," anatero.

M'kati mwa chitenje munatuluka mawu: "Mwapisamo kale? Mulibe jamu?"

Nthungululu zinamveka mpaka Aarabu amene ankayenda ndi ana awo anaima kuonerera. Tisanadye, Anti anapempha kuti tikhale chete pang'ono. Anati aliyense apemphere m'chipembedzo chake chifukwa cha anthu a m'misasa ija, osati a m'buku okha koma enieniwo, amene nsapato zawo tinaziona pa foni. Tinakhala chete, ngakhale Jessica.

AWickson ananyamuka pa 30. Anti anatsatira patatha masabata awiri, mapepala awo atatha, ndipo atakumana anadzera ku Linthipe kukaonetsa bambowo kwa ana. Pano ali ku Katete. AWickson ali ndi benchi yosokera nsapato pamsika, Anti amachapa ndi kusita masuti a aphunzitsi ndi a ukwati. Monga nkhoswe ndaweruzapo mlandu umodzi wokha, pa foni: aWickson anasiya zisongole m'thumba la buluku, ndipo Anti ankafuna ndiwauze ine, mwa dongosolo.

Buku Anti anapita nalo. Mwezi wathawu ananditumizira mawu pa foni kuti chibuma chija amachiyikabe pa nthunzi ya ketulo akapeza mpata, ndipo kachidutswa kamodzi kamatuka. Pakuwerengeka mzere umodzi wokha, wonena kuti nsapato zija zinali zisanang'ambike. Sizikudziwika kuti akunena ndani, kapena wovalayo anali moyo. AWickson akuti kwa iwo monga wosoka nsapato mzere umenewo ndi wokwanira. Anti akuti sunakwane, apitiriza kumatula.

Ine ndikadali pa hotela yomweyo, ndatsala ndi miyezi isanu kuti ndikamuone Purity. Bedi la pansi ndinatsikirapo ine. Shiti iliyonse ndisanaikulunge ndimaikutumula kawiri.